Buku limene linagoneka mayi aang'ono m'chipatala silinali lachikondi

Mayi anga aang'ono anagona m'chipatala masabata atatu, ndipo gadiyani ndinali ine. Amene anadikirirapo wodwala akudziwa mmene ntchitoyi imakhalira. Ukawasambitsa, ukawamwetsa phala, ukachapa zitenje n'kuziyanika pa kapinga kuseri kwa wodi, chotsala n'kudikira basi: adokotala azungulire, nthawi ya jakisoni ikwane, kunja kuche. Soketi yotchajira foni inali imodzi, ife oifuna tinali gulu, ndiye foni ndinaitaya m'chikwama n'kuyamba kuwerenga. Pa benchi ya pakhonde paja ndinamaliza mabuku anayi. Limodzi lachikondi, limodzi laupandu, awiri azaumoyo.

Lamulungu lina bambo aang'ono anafika akuchokera kutchalitchi, jekete lili m'thupi, Baibulo m'khwapa, nthochi m'jumbo. Anandipeza ndi buku lomwe pachikuto pake pali mtsikana wovala magalasi akuda. Anawerenga mutu wake pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana pamwamba pa mandala awo.

"Mwana iwe, amayi ako ali gone m'katimo, iwe uli pano ndi zopha anthu? Sukulu yonse ija, osawerenga mabuku othandiza bwanji?"

Ndinanjuta n'kunena kuti, "Pepani bambo, n'longotayitsa nthawi." Ndinanama pawiri. Mumtima sindinkapepesa, ndipo nthawi sindinkataya.

Chomwe sindikanatha kuwauza pamaso n'chakuti buku lothandiza limene ankanenalo linali m'kabati ya pambali pa bedi, ndipo ndi lomwelo linatibweretsa kuno. Kabuku kake n'kochepa, kofotokopa, kopanda dzina la wolemba, kumbuyo kuli nambala ya foni. Anakagula okha bambo aang'ono m'basi, kwa mnyamata wolankhula bwino amene anayamba ndi pemphero. Kabukuko kamati shuga amatheratu munthu akasiya mapiritsi akuchipatala n'kumamwa madzi a masamba owawa ndi mandimu m'mawa uliwonse. Mayi aang'ono anamvera kwa miyezi inayi. Kachilonda komwe kanayamba ndi kupunthwa pa chitsa kanakana kupola, kanayamba fungo, ndipo pomwe tinkatuluka m'chipatala chala chimodzi chakuphazi chinali chitatsala komweko. Bambo aang'ono sanachite izi mwankhanza. Amawakonda akazi awo, ndipo anagula kabukuko chifukwa cha chikondi chomwecho.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena andida nawo. Tinasokoneza pa nkhani ya mabuku oyenera kuwaopa. Timachita manyazi ndi mabuku achikondi ndi aupandu, timawabisa, timakalipira ana tikawaona nawo, pomwe pepala lililonse lolembedwa kuti "thanzi" kapena "machiritso" timalilandira ndi manja awiri ngati lachokera kuguwa. Buku lachikondi silibisa kuti ndi nthano. Kabuku konama kazaumoyo kamavala jekete loyera, ndipo kakakunamiza umalipira ndi thupi.

Manyazi amenewa ndi akale. Kusekondale tinkakuta mabuku achikondi a Mills & Boon ndi pepala la khaki n'kulemba pamwamba kuti Biology. Anyamata anali ndi awo a James Hadley Chase, othothoka masamba, oyenda kuchoka ku hositelo ina kupita ku ina mpaka tsamba lomaliza kusowa, ndipo amene anawerenga lisanasowe ankasanduka mfumu, aliyense kumunyengerera kuti afotokoze mathero. Panalinso a Pacesetters, omwe kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, olembedwa ndi anthu a mu Africa muno, okamba za Lagos ndi Nairobi. Aphunzitsi akakugwira nalo ankalanda, ndipo ndikukhulupirira kuti ena ankakawerenga kunyumba. Koma funsani anthu a msinkhu wanga amene mpaka lero amawerenga osakakamizidwa kuti chizolowezicho anachitenga kuti. Ambiri sakutchulirani buku la pa silabasi.

Sindikuti mabuku aja anali oyera. Kampani ya Mills & Boon, yomwe inayamba ku London mu 1908, inatidyetsa mwamuna mmodzimodzi kwa zaka zambiri: wolemera, wamwano, wogwira mkazi pamkono mwamphamvu, kenaka pa tsamba lomaliza n'kupezeka kuti ukali wonsewo chinali chikondi. Bodza limeneli lapweteketsa atsikana, ndipo amene amadandaula nalo sakulakwa. Chase naye akazi ankawalemba ngati nyambo kapena msampha. Mwini wakeyo anali Mngelezi, dzina lake lenileni René Raymond, ndipo America amene ankamulembayo ankamudziwira kwambiri pa mapu ndi m'mabuku. Komabe mwana amene wazolowera kutsatira nkhani masamba 200 amafika pomadzifunsa kuti kodi uyu akunena zoona, nanga akubisa chiyani, apindulapo chiyani. Mafunso amenewa ndi omwe anasowa m'basi muja.

Buku loyamba limene ndikufuna muliwerenge ndi Stay With Me, la Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, lomwe linatuluka mu 2017. Amaliika m'gulu la achikondi, ndipo chikondi chilimo chambiri, koma musayembekezere maluwa. Yejide ali ndi saluni, Akin amagwira ntchito kubanki, anakumana kuyunivesite, amakondana zenizeni. Papita zaka zinayi ali m'banja, mwana palibe. Tsiku lina achibale akufika pakhomo ndi mtsikana, n'kumuuza Yejide kuti uyu ndi mkazi mnzako. Nkhaniyi ikuchitikira ku Ilesa m'zaka za m'ma 1980, asilikali akulandana boma, koma mukachotsa mayina mutha kulumbira kuti ndi kwa Kachere kapena ku Area 25. Apongozi ake ndi omwewa timawadziwa, olankhula mokoma mawu obaya. Palibe amene akufunsa za mwamuna. Mlandu wa kusabereka ukugwera mkazi ngati mmene umachitira kuno, kumene mawu oti chumba amatuluka msanga pakamwa pomwe oti gojo amanong'onedwa.

Usiku ku shedi ya magadiyani, mbaula zitazima, amayi ena ankandifunsa chomwe chikundisekesa ndekha, ndiye ndinayamba kumawafotokozera m'Chichewa zomwe ndawerenga tsikulo. Pali malo ena pamene Yejide, atatopa ndi zipatala, akukwera phiri kukaonana ndi mneneri, atakoka mbuzi. Pamwamba pa phiripo akuuzidwa kuti aifukate mbuziyo ngati khanda n'kuiyamwitsa, ndipo akuchitadi. Shedi yonse inafa ndi phwete. Mayi wina wa ku Thyolo anachita kugwira nthiti. Kuseka kutatha, mayi wina amene sankalankhulalankhula, wodikirira mchemwali wake, anati, "Inetu phiri ndinakwerapo. Masiku atatu osadya. Mbuzi yokha ndiye sanandipatse." Panalibe anasekanso. Anatiuza kuti banja linatha, mwamuna anakwatira wina, ndipo kumenekonso mwana sanabadwe. Iye anakwatiwa kwina, ali ndi ana atatu.

Ndi kabuku kati kazaumoyo kakanatsegula pakamwa pa mayi ameneyu? Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse akuluakulu amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake, ndipo madokotala amadziwa kuti pa mabanja ovutika chotere, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. Chiwerengero chimenechi mutha kuchimata pakhoma la chipatala chaka chathunthu, anthu n'kumangochidutsa. Mbuzi ija inachita usiku umodzi.

Amene safuna kuululiridwa adumphe ndime ino. Vuto m'banja la Yejide silinali kwa Yejide, ndipo njira imene Akin anasankha pobisa manyazi ake ife tili nalo dzina lake: fisi. Ndinadabwa kupeza mwambo umene timauyesa wathuwathu uli m'buku la Chiyoruba, ndipo wolembayo sakuukometsa kapena kuutukwana. Akungoonetsa mtengo wake, kuti chinsinsi chimodzi chosungidwa pofuna kuteteza ulemu wa mwamuna chimadya anthu angati.

Ana akabadwa m'bukuli, akubwera ndi matenda a sickle cell. Apa ndi pomwe ndinaika buku pansi kanthawi, chifukwa matendawa kuno aliko, ndipo ambiri sitiwatchula dzina. Maselo ofiira a magazi amapindika ngati chikwakwa, amatsekereza timitsempha, mwana amatupa manja ndi mapazi, amalira ndi ululu, magazi amamuthera pafupipafupi. Ndi matenda otengera kumtundu: bambo ndi mayi onse akakhala ndi mbewu yake, ngakhale iwo asadwale, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi mwa 4 woti mwana abadwe nawo. Apongozi a Yejide ali ndi tanthauzo lawo, loti ndi mwana wamizimu amene amabadwa, kufa, n'kubweranso. Ife tikaona mwana akuikidwa magazi kachitatu timayamba kuyang'ana agogo ake ndi diso loipa. Dzina la mwana wina m'bukuli, Rotimi, limatanthauza kuti khala nane, ndipo ndi pomwe pachokera mutu wa bukuli. Ndinakumbuka mayina athu aja opatsidwa pakhomo pomwe maliro a ana achuluka, a Maliro, a Mavuto, a Nditani.

Lachiwiri ndi lija linakwiyitsa bambo aang'ono: My Sister, the Serial Killer, la Oyinkan Braithwaite, la mu 2018. Ili ndi lalifupi, mitu yake ina ndi ya tsamba limodzi, ndipo ndinalimaliza usiku umodzi ndi m'mawa wake. Korede ndi nesi ku Lagos, waukhondo mopitirira, wosaonedwa ndi amuna. Mng'ono wake Ayoola ndi chiphadzuwa, ndipo zibwenzi zake zimathera pa mpeni. Akapha amaimbira foni mkulu wake, mkulu wake amabwera ndi magolovesi ndi mankhwala ochapira. Bukuli likuyamba pa mtembo wachitatu. Kenaka Ayoola akuyamba kucheza ndi dokotala amene Korede amamufuna mumtima.

Wopha tikumudziwa kuyambira tsamba loyamba, ndiye chomwe chimakugwira si kufufuza. Ndi funso loti mwana woyamba kubadwa amasenza mpaka pati. Aliyense amene anauzidwapo kuti "ndiwe wamkulu, uziyang'anira azing'ono ako" alimva bukuli m'mafupa. Timati chibale ndi fupa sichiola, ndipo timanena monyadira, koma ndi mwambi womwewu umene umatipangitsa kubisa mlongo wogwirira ana, kukapepesa kupolisi m'malo mwa mphwathu wakuba, kukatha nkhani pachiweniweni pomwe wolakwiridwa akulira. Braithwaite akuseketsa, nthabwala zake n'zouma, koma akufunsa ngati fupa losaolalo silinunkha. Yankho sakupatsa, ndipo mathero ake anandikwiyitsa masiku awiri. Ndimakonda buku lotero.

Amene amati mabuku aupandu amaphunzitsa upandu sindigwirizana nawo kwenikweni. Akuba amene anathyola nyumba yathu chaka china sindikhulupirira kuti anali ndi khadi la laibulale. Chomwe mabukuwa amaphunzitsa n'kukayikira munthu wooneka bwino. Ayoola amapulumuka chifukwa ndi wokongola ndipo amalankhula mofatsa, basi aliyense amamukhulupirira. Mnyamata wa m'basi uja naye anali wa tayi.

Tsono azaumoyo. Ndanena zoipa za kabuku kamodzi, koma sindikuti tileke kuwerenga za matupi athu. Ndikuti tisankhe ndi maso otsegula, ndipo buku limene ndingapatse mayi aliyense wodziwa Chingelezi ndi The Immortal Life of Henrietta Lacks, la Rebecca Skloot, la mu 2010. Iyi ndi nkhani yoona. Henrietta Lacks anali mayi wachikuda wa ku America, wokulira m'minda ya fodya ku Clover, m'chigawo cha Virginia. Mawu oti fodya anandigwira, chifukwa ndinamuona ngati mayi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji, manja akuda ndi utomoni wa masamba. Mu 1951 anapita ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore akumva chotupa m'mimba. Inali khansa ya khomo la chiberekero. Anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, n'kusiya ana asanu.

Akumuthandiza, madokotala anadula kanyama ka chotupacho osamuuza, n'kukapereka kwa wofufuza wina dzina lake George Gey. Maselo a anthu ena ankafa akakhala masiku ochepa mu labu. A Henrietta sanafe. Anapitirira kuswana, ndipo akuswanabe lero m'malabu a dziko lonse, pa dzina loti HeLa. Anagwiritsidwa ntchito poyesa katemera wa poliyo m'zaka za m'ma 1950, ndiponso pa kafukufuku wosawerengeka wa khansa ndi mavairasi. Makampani anapanga nawo ndalama. Ana ake anadzamva za izi patapita zaka zoposa 20, ali osauka, ena osakwanitsa n'komwe kulipira chipatala. Mu 2023 m'pamene banjali linagwirizana ndi kampani ya Thermo Fisher Scientific pa mlandu umene linaisumira.

Chimene ndinalikondera bukuli n'chakuti silinyoza mantha a anthu. Muli mutu wonse wokamba za mphekesera za pakati pa anthu akuda a ku Baltimore, zoti madokotala amaba anthu usiku kukawayesera mankhwala. Ndikuwerenga pamenepo ndinakumbuka 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa, azaumoyo n'kumaopa kulowa m'midzi. Ophunzira tinangoti ndi umbuli. Skloot akuonetsa kuti mantha otere amamera pomwe anthu akhala akutengedwa magazi osauzidwa chifukwa chake, osabwezeredwa zotsatira, osafunsidwa. Mphekeserayo ndi yabodza, koma nthaka yomwe yameramo ndi yeniyeni. Ndipo ngakhale bukuli likuulula zolakwa za madokotala, silikukuuza kuti uthawe chipatala. Ukalimaliza umafuna kupitako, koma ndi mafunso m'manja: mukunditenga chiyani, mukachita nacho chiyani, ndidzamva liti.

Matenda amene anapha Henrietta ndi athu kuposa a ku America. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri pa dziko lonse: amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala pogonana, ndipo amayi omwe ali ndi HIV ali pa chiopsezo chachikulu. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo ndinamva ndi makutu anga makolo ena akuti ndi wotseka mimba. Kuyezetsa kwake m'zipatala zambiri n'kosavuta: anesi amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuona ngati pali malo oyera. Ine ndinali nditazengereza zaka zitatu. Ndinakayezetsa sabata yachitatu ya ugadiyani wanga, pa chipatala chomwecho, buku lili m'chikwama. Mapositala ndinali nditawaona kambirimbiri. Amene anandikokera pa mzere uja ndi Deborah, mwana wa Henrietta, amene anakula osadziwa ngakhale mtundu umene mayi ake ankaukonda, kaya wofiira kaya wobiriwira.

Lachinayi ndi lakale, ndipo ndinachita kuitanitsa kunyumba nditaona kabuku ka m'basi kaja, kuti ndifananize. Where There Is No Doctor analemba David Werner, poyamba m'Chisipanishi, kuchokera pa ntchito yake pakati pa alimi a m'mapiri a kumadzulo kwa Mexico, ndipo la Chingelezi linatuluka mu 1977. Lathu linali la malemu bambo anga, omwe anali mphunzitsi kumudzi, ndipo anthu ankabwera kudzawafunsa za matenda ngati kuti iwo ndi adokotala. Bukuli silinyoza mankhwala achikuda. Mutu wake woyamba weniweni ukukamba za machiritso apakhomo, kusiyanitsa othandiza, osathandiza koma osapweteka, ndi oopsa. Chomwe chikulisiyanitsa ndi kabuku ka m'basi n'chakuti pafupifupi paliponse limafika pokuuza kuti ukaona chizindikiro chakuti, apa pakukulira, thamangira kuchipatala. Kabuku kaja mawu amenewa kanalibe ngakhale pamodzi. Matenda onse kanali ndi yankho lake, ndipo yankho lomaliza linali nambala ya foni ija.

Koma ngakhale buku labwino limakalamba, ndipo apa ndikuchenjezeni. Lathuli pa malungo likunena za chloroquine. Malawi anasiya chloroquine mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titamuzolowera. Tinapita ku Fansidar, ndipo mu 2007 tinasinthanso kupita ku LA. Munthu wotsatira buku la bambo anga mokhulupirika lero atha kuika mwana m'manda. Choncho musanakhulupirire tsamba lililonse la mankhwala, tembenuzani kutsogolo muone chaka. Buku lachikondi la mu 1985 likadali lokoma lero. La mankhwala la mu 1985 ndi la m'kabati ya zikumbutso, kupatula masamba a ukhondo, kadyedwe ndi madzi a shuga ndi mchere a wotsegula m'mimba, omwe anagwirabe ntchito pa kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Njala yofuna machiritso achidule si ya lero, ndipo sindiyinyoza. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Chisupe kukamwa mchape, womwe ankati umachiza Edzi. Nthawi imeneyo chipatala chinalibe choti n'kuwapatsa, chifukwa ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Amene anapitawo ndimawamvetsa. Chomwe chimandipweteka n'chakuti lero mankhwala a shuga, a BP ndi a HIV alipo, ngakhale nthawi zina amasowa pa shelefu, koma mchape unangosintha chovala. Tsopano umabwera wosindikizidwa, kapena ngati uthenga wa pa WhatsApp wotumizidwa ndi mlamu wako amene amakufunira zabwino.

Pali chodandaula chimodzi chimene sindingachithawe. Mabuku anayi onsewa ndinawawerenga m'Chingelezi, ndipo atsopano ake mtengo wake ndi wa thumba la chimanga kapena kuposa. Ine limodzi ndinagula pa kaunjika wa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe, awiri ndinabwereka kwa mnzanga amene mchimwene wake amamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Nthambi za National Library Service zilipo, ndipo n'zoyenera kuyamba kufunsa kumeneko. Koma amayi a ku shedi aja, amene nkhani ya Yejide inawakhudza kuposa ine, sangaiwerenge okha. Kabuku ka m'basi kanali m'Chichewa. Apa ndiye pagona nkhani. Wonama uja anadziwa chilankhulo cha kasitomala wake, pomwe ife odziwa kulemba tikulimbana ndi kusangalatsa akunja.

Sikuti sitinayambe tachitapo. Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani analemba nthano za Chichewa zomwe anthu ankawerenga mpaka kuthothoka. Aubrey Kalitera ankadzisindikizira yekha mabuku achikondi ndi aupandu ochitikira mu Blantyre momwemu, n'kumawagulitsa. Sewero la Tikuferanji linaphunzitsa anthu za Edzi kuposa timapepala tambiri ta ma NGO, chifukwa anthu ankafuna kudziwa kuti sabata yamawa zitha bwanji. Ku South Africa, Deon Meyer amalemba nkhani zake za apolisi a ku Cape Town m'Chiafrikaans, chilankhulo cha kwawo, ndipo ena ndiwo amavutika kuzimasulira m'zilankhulo zoposa 20. Owerenga Chichewa alipo. Onani mmene anthu amalimbirana nkhani zachikondi zotuluka zigawozigawo pa Facebook, kukalipira wolemba akachedwetsa gawo lotsatira. Amene adzalembe nthano yachikondi ya Chichewa yomwe mkati mwake muli mayi wa shuga, kapena yaupandu yofufuza amene akuba mankhwala m'nkhokwe ya chipatala, adzapeza anthu akumudikira kale. Koma ailembe ngati nthano, yokoma, yopatsa chidwi. Akangoyamba kulalikira pa tsamba lachitatu tidzaitseka.

Tsiku lotuluka, bambo aang'ono analongedza okha katundu wa m'kabati. Ndinawaona atagwira kabuku kaja kanthawi, kenaka anakapinda pakati n'kukaika m'thumba la jekete. Sindinawafunse, iwonso sananene kanthu. Kunyumba ndi iwo tsopano amene amawerengera mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo amawayang'ana akazi awo kumapazi ndi tochi asanagone, monga anawalangizira anesi.

Stay With Me ndinamusiyira nesi wina wausiku amene ankalisuzumira nthawi zonse akamadutsa, ndipo mwini wake sindinamuuzebe. Mayi aang'ono, omwe ndinkayesa kuti ali mtulo nthawi yomwe ndinkawafotokozera anzanga pawindo la wodi, anandiimbira foni sabata yatha. Tinakamba za chilonda, za mtengo wa shuga amene saloledwanso kumwa, za mvula. Ndili pafupi kudula anati, "Iwe, paja mtsikana uja anabereka. Nanga mbuzi ija anaisiya kuphiri konkuja?"